Mtima wa mlongo wanga ukulira ngati wotchi, ndipo ndili ndi mafunso

Usiku kukati zii, magetsi atazima monga achitira, munthu wokhala pafupi ndi mlongo wanga amamva kaphokoso kosalekeza: the, the, the, the. Alendo amamwazamwaza maso kukhoma kufuna wotchi. Kwathu kulibe wotchi ya pakhoma. Chimene chimalira ndi kachipangizo kamene madotolo a ku India adamusokerera mumtima m'chaka cha 2022, m'malo mwa valavu yake yobadwa nayo imene idatheratu. Mwiniwake adazolowera, mpaka amachita nthabwala kuti iye sangachedwe kutchalitchi popeza nthawi amayenda nayo m'chifuwa. Ine sindidazolowere, ndipo sindikufuna kuzolowera.

Awerengi, sabata ino ndiloleni ndikambe za mtima weniweni, wanyamawu, osati uja wa m'makalata a chibwenzi. Zimene ndilembe pano sindidaziphunzire m'kalasi. Sukulu ya ukachenjede ndidaisiya ndili m'chaka chachitatu, ndipo chidandisiyitsa ndi nkhani yomwe ino, pakuti fizi yanga idalowa nawo m'thumba la ulendo wa ku India. Ndidaziphunzira pa benchi la chipatala, pofunsa madotolo mpaka kuwatopetsa, ndi powerenga mabuku amene anzanga ophunzira udotolo adandibwereka. Mfundo yanga ndi iyi: mwana uja sadayenere kufika pa mpeni, ndipo atafikapo sadayenere kupulumuka mwamwayi ngati munthu wogweredwa maere.

Udali mwezi wa February, 2022, mvula ili pakati. Mlongo wangayo adali ndi zaka 19. Kwa miyezi ingapo adakhala akudandaula kuti akakwera kachitunda kochokera kumsika amachita befu, ife n'kumamuseka kuti ndi ulesi wa atsikana a masiku ano. Madzulo a tsikulo adadya nsima bwinobwino. Cha m'ma 11 koloko ndidamva amayi akufuula dzina langa. Ndidampeza mwana atakhala tsonga pamphasa, atagwira khoma, kukamwa yasa. Ndidati agone, iye adakana ndi mutu. "Achimwene, ndikumira," ndiwo mawu okha amene adatha kutulutsa. Adatsokomola thovu lofiirira. Thukuta lidali kamukamu, koma manja ndi mapazi zidali zozizira ngati wachapa kumtsinje m'mwezi wa June.

Pa chipatala chaching'ono chimene tidathamangirako, amene adali pa ntchito usikuwo adayeza BP napeza 80 pa 50. Adachita zimene amachita kwa wodwala aliyense amene BP yake yagwa: adapachika diripi naitsegula kuti ithamange. Pasadathe theka la ola mwana adayamba kubanika koposa. Munthuyo sindimuimba mlandu, ndipo dzina la chipatalacho sinditchula. Odwala ochuluka a BP yotsika amene amalandira amakhala otsegula m'mimba kapena otaya magazi, ndipo diripi ndi imene imawapulumutsa. Iye adalibe makina oonera mkati mwa mtima. Akadadziwa bwanji kuti akuthira madzi m'nyumba yosefukira kale? Kutacha, pa chipatala chachikulu, dotolo wina wamkazi adaika kamakina ka echo pachifuwa, nayang'ana mphindi ziwiri zokha, natseka diripi ija ndi dzanja lake. Adatembenukira kwa amayi nati: "Mayi, mwana wanuyu chitseko cha mumtima chathyoka."

Kuti timvane, ganizani za mjigo. Mkati mwake muli timavalavu timene timalola madzi kukwera koma kuwakaniza kubwerera pansi. Raba ikatha, mumapopa mpaka mapewa kuwawa, madzi osatuluka. Mtima nawo ndi pampu ya zipinda zinayi ndi mavalavu anayi. Umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo munthu akangokhala phee umapopa malita ngati asanu a magazi pa mphindi imodzi. Valavu imene imavutika kwambiri mwa ana athu ndi ija yotchedwa mitral, ya kumanzere, imene ili pakati pa chipinda cholandira magazi ochokera m'mapapo ndi chipinda champhamvu chowakankhira m'thupi lonse. Ili ndi timapiko tiwiri topyapyala, togwiridwa ndi tizingwe kuti tisatembenukire kumbuyo mtima ukafinya. Valavu ikamadontha pang'onopang'ono kwa zaka, mtima umakula n'kumapirira, ndipo munthu amangoti ndatopa. Koma kachingwe kakaduka mwadzidzidzi, nthawi yozolowera palibe.

Zikatero magazi amayenda njira ziwiri. Ena amabwerera kumene achokera, nadzaza mitsempha ya m'mapapo mpaka madzi kuyamba kuchucha kulowa m'timatumba topumira. Ndiko kumira kumene mlongo wanga ankanena, kumira munthu ali pamtunda. Opita kutsogolo amachepa. Thupi limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti lisungire ubongo, n'chifukwa chake kuzizira kuja. Impso zimaleka kupanga mkodzo, mutu umasokonezeka, ndipo choipitsitsa n'chakuti mtimawo umadya magazi omwewo amene ukulephera kupopa. Ukafooka umalandira ochepa, ukalandira ochepa umafookerafookera. Madotolo amachitcha chimenechi cardiogenic shock, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake ndi nambala yapamwamba ya BP kukhala pansi pa 90 kwa theka la ola kapena kupitirira. Si matenda amasewera. Ngakhale m'zipatala za ku Ulaya ndi America, pa anthu khumi amene afika pamenepa kaamba ka kutsekeka kwa mtsempha wa mtima, anayi kapena asanu satuluka amoyo.

Kumaiko amenewo valavu imathyoka chotere kawirikawiri mwa achikulire: mtsempha wa mtima ukatsekeka, kamnofu kogwira tizingwe tija kamafa n'kung'ambika, makamaka m'sabata yoyamba. Kwa ena, tizilombo tolowa m'magazi timamanga chisa pa valavu n'kuiboola. Chithandizo choyamba ndi okosijeni, jekeseni ya furosemide yochotsa madzi, mankhwala monga dobutamine okwapula mtima kuti ukankhe, ndipo kumene kuli zipangizo amalowetsa kabaluni mumtsempha waukulu kothandizira kupopa. Mlongo wanga adalandira zitatu zoyambazo, ndipo patsiku lachinayi adapempha phala. Dotolo uja sadatinamize. Adati mankhwala sasoka chingwe choduka, amangogula nthawi, ndipo mwanayu wapirira kokha chifukwa mtima wake udali utakula kale ndi kudontha kwa zaka zambiri. Kenako adafunsa amayi: "Ali mwana adadwalapo zilonda zapakhosi, pambuyo pake n'kutupa mawondo?"

Amayi adakhala chete. Ine ndidakumbukira. Mu 2012, ali ndi zaka 9, adadwala pakhosi ndi kutentha thupi. Tidamugulira panado pa okala, zidatha. Patapita masabata awiri kapena atatu bondo lidatupa, mawa lake ululu udasamukira kuchigongono, mkuja kukakolo. Kuchipatala adamuyeza malungo, sadawapeze, koma adampatsabe mankhwala a malungo. Agogo adati ndi nyamakazi namutemera mphini. Zidathanso, ndipo tonse tidaiwala. Sitidadziwe kuti pakhosi paja padali tizilombo ta mtundu wa streptococcus ta gulu A, ndi kuti mwa ana ena asilikali a m'thupi polimbana nato amasokonezeka, nayamba kumenya mfundo za mafupa ndi mavalavu a mtima. Mawondo amachira osasiya chipsera. Valavu imatsala ndi chipsera, ndipo mwana akadwalanso pakhosi chipseracho chimaonjezeka, mwakachetechete, kwa zaka khumi kapena kupitirira.

Apa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Mankhwala a tizilomboti ndi penisilini, yemwe uja Alexander Fleming adamutulukira ku London mu 1928. Pofika 1950 madotolo oyeza asilikali ku Wyoming, ku America, adali ataonetsa kuti kupereka penisilini kwa wodwala pakhosi kumaletsa nthenda ya nyamakazi yogwira mtimayi. Jekeseni imodzi ya benzathine penicillin, kapena mapiritsi a masiku khumi, basi. Mwana amene yamugwira kale amafunika jekeseni yomweyo masabata atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka zambiri, kuti valavu isapwetekedwenso. Kabotolo kake sikaposa mtengo wa chakudya cha masana cha munthu mmodzi pa misonkhano ija ya zaumoyo ya kunyanja. Ku Ulaya nthendayi idazimiririka pamene anthu adaleka kugona mothinana ndipo penisilini adafika paliponse. Tisati poti kumeneko n'kolemera: chigawo cha Pinar del Río ku Cuba chidaitsitsa kwambiri m'zaka khumi, kuyambira 1986 mpaka 1996, pongophunzitsa makolo, aphunzitsi ndi anamwino, ndi kusunga kaundula wa ana odwala.

Kwathu kuno tidakali kunena kuti matenda a mtima ndi a mabwana onenepa oyenda pa galimoto. Ziwerengero zikutitsutsa. Mu 2019 kudawerengedwa kuti anthu oposa 40 miliyoni padziko lonse adali ndi mavalavu oonongeka ndi nthendayi, ndipo oposa 300,000 ankafa nayo pachaka, ochuluka a m'maiko osauka. Kafukufuku wotchedwa REMEDY adatsata odwala 3,343 m'zipatala 25 za maiko 12 a mu Africa, Malawi ali momwemo, kuphatikizapo India ndi Yemen. Theka la odwalawo adali a zaka zosapitirira 28, ndipo awiri mwa atatu aliwonse adali akazi. Patangotha zaka ziwiri, pafupifupi 17 pa 100 aliwonse adali kumanda. Ku Lilongwe, zotsatira za kafukufuku zimene zidatuluka mu 2016 zidati pa ana 1,450 amene adawaunika ndi echo, 3.4 peresenti adali ndi zizindikiro za valavu yoyamba kuonongeka, eni ake osamva kanthu. M'kalasi ya ana 90, zimene sizachilendo kwathu kuno, amenewo ndi ana atatu.

Kodi ana otere akapezeka msanga pali chochita? Chilipo. Ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, ana pafupifupi 800 a mavalavu oyamba kuonongeka adawagawa pawiri. Gulu lina lidabayidwa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, lina ayi. Zotsatira zidasindikizidwa mu 2022: mwa obayidwa, ana 3 okha ndiwo nthenda idakula; mwa osabayidwa, 33. Gulu si London. Ndi dera limene lidazunzika ndi nkhondo zaka zambiri, la misewu ndi zipatala zonga zathu zomwezi.

Tsono kwa mlongo wanga jekeseni idali itachedwa ndi zaka khumi. Chidatsala ndi mpeni. Opaleshoni ya valavu si chozizwa cha dzulo. Mu 1925 dotolo wa ku London, Henry Souttar, adalowetsa chala mumtima wa mtsikana kuti akuze valavu ya mitral, mtsikanayo n'kukhala moyo, koma madotolo anzake adaona ngati misala ndipo sadamutumizirenso wodwala wina. Pa 6 May 1953, ku Philadelphia, John Gibbon adagwiritsa bwino ntchito koyamba makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo, pa mtsikana wa zaka 18. Mu 1960, ku Portland, dotolo Albert Starr ndi injiniya wopuma pa ntchito Lowell Edwards adaika valavu yochita kupanga, kampira m'kachitatanga, mwa munthu amene adakhala nayo zaka khumi. Werengani nokha: 1960. Malawi adali asadalandire n'komwe ufulu wodzilamulira.

Zimene adamuchita mu September 2022 adandifotokozera pojambula papepala. Amadula fupa la pakati pa chifuwa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amapereka heparin kuti magazi asaundane, nawapatutsira m'machubu opita ku makina aja, amene amawapatsa mpweya ndi kuwabwezera m'thupi. Amatsina mtsempha waukulu, nathira mumtima madzi ozizira okhala ndi potassium, ndipo mtima umaima. Inde, umaima ndithu, kwa ola kapena kuposerapo, munthu ali moyo ndi makina. Akatero amatsegula chipinda cha kumanzere n'kuona valavu maso ndi maso. Kukonza valavu yobadwa nayo, luso limene Alain Carpentier wa ku Paris adalikuza, ndiko kwabwino koposa. Vuto n'lakuti valavu yodyedwa ndi nyamakazi imakhala yokhakhala ndi yokwinyika ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo nthawi zambiri siikonzeka. Yake idali yotero. Adaidula naikamo ina. Tidadikira maola asanu panja. Patsiku lachinayi adayenda yekha m'khonde la chipatala, ndipo adati kwa zaka zambiri adali asakudziwa kuti anthu ena amapuma mosavuta chonchi.

Koma opaleshoni isadachitike padali chisankho chimene sindifunira mtsikana wina aliyense. Mavalavu oikirira alipo a mitundu iwiri. Yochita kupanga, imene anthu amati yachitsulo ngakhale kuti timapiko take ndi ta kaboni wolimba, imatha kukhala moyo wonse wa munthu, koma magazi amakonda kuundana pamenepo, choncho mwini wake amamwa warfarin mpaka kufa. Ina ndi yopangidwa kuchokera ku mtima wa nkhumba kapena ng'ombe. Imeneyi siifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha, ndipo mwa achinyamata imatha msanga, kawirikawiri zisadakwane zaka khumi. Amayi adafunsa funso limodzi lokha: "Adokotala, nanga adzabereka?" Funsolo lidali lolunjika, pakuti warfarin amatha kuononga mwana wosabadwa m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, ndipo pakati penipenipo pamaonjezera magazi m'thupi ndi pafupifupi theka, katundu wolemetsa mtima. Mlongo wanga adasankha yolirayi. Adati: "Amayi, mwagulitsa kale malo. Kachiwiri mudzagulitsa chiyani?"

Ndalumpha miyezi isanu ndi iwiri ya pakati pa February ndi September, ndipo ndi imene ili ndi mafunso anga ambiri. Tidalemba makalata. Tidanyamula fayilo kuchokera ofesi ina kupita ina, maofesi amene sinditchula. Kulikonse ankatiuza mwaulemu kuti dzina lili pa mndandanda. Nambala yanji? Patsogolo pake pali angati? Amasankha potengera chiyani? Palibe adatiyankha. Pamapeto pake tidadzithandiza tokha: bambo adagulitsa malo amene ankati adzamangapo akapuma pa ntchito, amalume a ku Johannesburg adatumiza zimene adatha, mpingo udayendetsa mbale kawiri, ine n'kuika fizi. Ife tidali ndi malo ogulitsa ndi amalume a ku Joni. Pa bedi loyandikana padali kamtsikana ka zaka 16 kochokera kumudzi, miyendo yotupa ngati mitondo, mayi ake akugona pansi pa bedi pa chitenje. Nthenda yake idali yomweyi. Dzina lake nalo lidali pa mndandanda. Kadamwalira mu June, m'bandakucha, kali chikhalire chifukwa kugona sikankatha.

Akuluakulu a dziko lino akhala akukhulupirira kuti chipatala chawo chenicheni ndi bwalo la ndege. Dr Banda adakachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg mu October 1993, ndipo adakamwalirira komweko mu November 1997. Koma mtima uli ndi mwano, sudikira ndege. Mu April 2012 mtima wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika udaima ku Lilongwe, ndipo ndege yopita ku South Africa idanyamula munthu amene adali atatisiya kale. Sindikunena izi mwachipongwe. Ndikunena kuti kachingwe ka valavu kakaduka usiku, nduna ndi wogulitsa tomato amafanana: onse moyo wawo uli m'manja mwa chipatala chimene chili pafupi, ndi zimene zili m'kabati yake usikuwo.

Ndikudziwa chimene anzanga a masamu ayankhe, chifukwa adandiyankha kale pamaso. Amati ndalama za opaleshoni imodzi ya mtima zingagule penisilini wa ana ambirimbiri, maneti a udzudzu, katemera. Dziko losauka lisathamangire zapamwamba. Pa masamu akunena zoona, ndipo ndikadakhala ndi kwacha imodzi yokha ndikadaiika pakhosi pa mwana wa zaka 9, osati pachifuwa cha wa zaka 19. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti masamu amenewa amangotuluka pokana opaleshoni. Pogula penisilini saoneka. Ngati tidasankhadi kupewa, kaundula wa ana odwala nthendayi ali kuti pa chipatala chilichonse? Ndani amatsata mwana amene sadabwere kudzabayitsa mwezi uno? Ndi aphunzitsi angati a pulayimale adauzidwapo kuti mwana wodwala pakhosi, thupi lotentha koma osatsokomola kapena kuchita chimfine, apite kuchipatala? Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Mu May 2018 maiko onse a mu bungwe la WHO adagwirizana chimodzi chothana ndi nthenda yomweyi. Kusaina timatha.

Chonsecho nzeru yake tili nayo kale m'nyumba. Kuyambira 2004, pamene ma ARV adayamba kuperekedwa ulere, dziko lino lidaphunzira kusunga kaundula, kupereka tsiku lobwerera, ndi kutuma mlangizi wa zaumoyo panjinga kukafuna amene wasowa. Alendo ankabwera kudzaphunzira kwa ife. Jekeseni ya pamwezi imafuna dongosolo lomwelo. Ku Neno adayesa njira yotchedwa PEN-Plus, yophunzitsa anamwino ndi madotolo aang'ono a pa boma kuona matenda aakulu osapatsirana, a mtima omwe, ndi kamakina ka echo konyamula m'manja; ndipo mu August 2022, ku Lomé, maiko a mu Africa adavomereza kuti njirayi ifalikire. Kamakina kotere kakadakhalapo usiku uja, diripi ija sikadapachikidwa. Ndivomere kuti jekeseniyi ndi yowawa, yolimba ngati phala, ndipo ana amaithawa. Kusakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi kumachepetsa ululu. Anamwino ena amaiopa chifukwa odwala ena a mitima yofookeratu adakomokapo ndi kufa atangobayidwa, ndipo kwa oterewa akatswiri amalangiza mapiritsi. Mantha amenewa mankhwala ake ndi maphunziro. Kubisa botolo m'kabati sikuwathetsa.

Nanga awo amene mavalavu adaonongeka kale tiwauze chiyani? Kuti adabadwa msanga, akadikire kumanda pamene tikukonza za ana a mawa? Anansi athu sadaganize choncho. Maputo idatsegula Instituto do Coração mu 2001. Dar es Salaam ili ndi Jakaya Kikwete Cardiac Institute. Ku Khartoum bungwe la ku Italy la Emergency lidatsegula Salam Centre mu 2007, n'kumachita maopaleshoni a mtima ulere kwa odwala ochokera maiko ambiri a mu Africa, ngakhale nkhondo imene idabuka mu 2023 idasokoneza ntchitoyo. Magulu a madotolo akunja obwera kudzachita maopaleshoni kwa sabata imodzi kapena ziwiri ndi oyenera kuwathokoza ndi manja awiri, koma kachingwe sikayang'ana kalendala ya alendo. Chofunika ndi gulu lathulathu lokhazikika: wodula, wogonetsa, woyendetsa makina a magazi, anamwino a chipinda cha odwala mwakayakaya, nkhokwe ya magazi yosauma ndi magetsi osazima. Anthu otere saphunzitsidwa chaka chimodzi. Ndiye chifukwa chake kuchedwa kulikonse kuyamba n'kuchedwa kwa zaka khumi. Si onsenso amafuna kung'ambidwa chifuwa: valavu yothina imatha kukuzidwa ndi kabaluni kolowera pa mtsempha wa m'chuuno, njira imene Kanji Inoue wa ku Japan adaifalitsa mu 1984, ndipo yapulumutsa amayi apakati ambiri.

Podikira zimenezo, pali chinthu chimodzi chosafuna ndalama za opereka thandizo. Boma lisindikize, miyezi itatu iliyonse, chiwerengero cha odwala amene latumiza kunja ndi ndalama za misonkho, matenda awo, maboma ochokera, ndi miyezi imene adadikira. Maina tisawaone, ndi chinsinsi cha odwala. Malamulo osankhira apachikidwe pakhoma la chipatala m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Ngati mndandanda uli wolungama, palibe chobisa. Mayi uja wogona pa chitenje adayenera kudziwa ngati mwana wake adali wachisanu kapena wa nambala 200, kuti mwina akadapita naye kwawo akafere pakati pa abale.

Kwa inu abale amene mudakhala zaka kunja ndipo mwabwerera, ndi inu amene mukadali ku Manchester, Lusaka, Harare kapena Johannesburg: ena mwa inu mudagwira ntchito m'zipinda zimene ndafotokozazi, mukudziwa bwino kuposa ine. Mukamasonkha ndalama zothandiza kumudzi, musangoganiza za malata a tchalitchi ndi mayunifolomu a timu ya mpira. Funsani chipatala cha kwanu ngati chili ndi kamakina ka echo ndi munthu wodziwa kukagwiritsa ntchito. Funsani ngati chimatha kuyeza INR. Ndipo mdzukulu wanu akati pakhosi pakuwawa, musatume mwana ku okala.

Za INR ndiye nkhondo imene tili nayo tsopano m'nyumba mwathu, chifukwa opaleshoni sithera pa kusoka. Warfarin, amene adayamba ngati mankhwala a makoswe mu 1948 asadakhale a anthu, amafuna muyezo. Akachepa, magazi amaundana pa valavu ndipo ikhoza kuima kapena kuponya chibuluma ku ubongo. Akachuluka, munthu amataya magazi m'mphuno, m'nkhama, ngakhale m'mutu. Nambala ya mlongo wanga iyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ndiwo zamasamba monga chisoso, bonongwe ndi nkhwani zimaitsitsa, choncho sayenera kuzisiya koma kudya mofanana sabata ndi sabata, chinthu chovuta m'dziko limene ndiwo zimayendera nyengo. Mankhwala a TB ndi ena ambiri amaisokonezanso. Ali ndi kabuku kofiira kamene amalembamo nambala iliyonse, ndipo amakasunga m'Baibulo.

Mwezi watha tidadzuka 4 koloko, tidakwera minibasi ziwiri, tidakhala pa mzera mpaka 11 koloko, n'kutiuza kuti timapepala toyezera tatha. Tidakalipira kwina. Nambala idatuluka 1.9. Adamuonjezera theka la piritsi. Lachinayi likudzali ndikumperekezanso, ndipo ndamuuza mkonzi kuti ndifika mochedwa.